Anagula Dzina Chabe

Okondedwa achimwene,

Muli bwanji uko ku Joni? Ife kuno ku Ngungu tilipo, koma atate chifuwa chija sichinawasiye.

Mukukumbuka kampani ya makompyuta imene inkasunga mbiri ya odwala a kumgodi, komwe a Tembo ankatipatsa maswiti? Mgodi utatsekedwa inagulitsidwa, koma chikwangwani n'chomwechija. Lolemba atate anavala jekete, napita kukatenga mapepala a mapapo awo, ofunika popempha chipukutamisozi. Potuluka pakhomo anati, "Anthu aja sataya kanthu." Anakapeza nkhope zachilendo. Wina anati, "Pepani agogo, ife tinagula dzina chabe."

Anabwerako chimanjamanja, ndipo tsikulo sanadye. Chonde funafunani m'sutikesi yanu ija, mwina munapita ndi kope lina.

Mulungu akusungeni.

Ine mlongo wanu,
Tisa