Zumba wanu wa pachulu akadalipo

Amayi, kodi kumeneko mukukhalako bwanji? Ndine Enelesi. Akundilembera ndi Esinati, mwana wanga uja munamusiya akukwawa. Pano ali ndi imvi, ndipo mwezi wathawu walandira mdzukulu wamwamuna. Bambo ake a Esinati anakutsatirani chaka cha dzana, kaya mwaonana. Mpunga chaka chino sitinapate, nyanja inakwera n'kumiza minda yakumunsi. Chinangwa ndiye chatisunga.

Koma nkhani ndi ya zumba wanu, uja munkatiletsa kupalira pachulu cha kumalire. Munkati ndiwo muzitcha masamba, koma zitheba musakhudze mpaka zilire.

Tiyamike, mwana wa Esinatiyu, ali kusukulu ya zaulimi. Anamuuza kuti ajambule duwa limodzi lakutchire, kuyambira kumera mpaka kugwetsa mbewu. Iye ankafuna kukwera basi kukalifuna kumapiri. Ine ndinaseka, n'kumutengera pachulu paja. Mvula yoyamba itangogwa anajambula timasamba tiwiri toyamba tija. Mwanayu amagona chafufumimba m'matope, foni patsogolo, ngati akuwenda mbewa.

Ndiye mkamwini wanu, mwamuna wa Esinati, anagula mpope ndi mankhwala opha udzu. Akuti khasu n'lachikale. Lemba, Esinati, usandiyang'ane. Anati apopera munda wonse, ndi pachulu pomwe, chifukwa zomera zija ndi tchire basi. Ndinamuuza kawiri, iye ee, ee, koma mpope uli kumsana. Tsiku lopoperalo ndinalawira ndi ndodo yanga, n'kukakhala pakati pa zumba, miyendo tambalale. Atafika ndinati, "Poperani bambo, muyambe ine." Anaima, anakanda m'mutu, n'kulambalala. Ndinakhala pomwepo mpaka dzuwa paliwombo, mwendo wanga wovuta uja unatupa masiku atatu.

Amayi, mukanaona maluwa ake chaka chino. Chikasu chokhachokha chulu chonse, bemberezi ali wiii. Tiyamike anadikira m'mawa wonse kuti amujambule atatera pa duwa. Kenako zitheba zinatupa, zinada, n'kuyamba kulira ngati maseche mphepo ikawomba. Apo mwana uja anatulutsa jumbo kuti athyole zonse akaonetse kusukulu. Ndinamugwira dzanja. Ndinati tenga zisanu, zinazo ziphulike zokha ndi dzuwa, nanga chaka chamawa timera chiyani? Ndinamuuzanso kuti njere zake sizimera zonse pamodzi, zina zimagona m'dothi mvula ziwiri kapena zitatu, n'chifukwa chake ngakhale chaka cha chilala sitinamutaye. Aphunzitsi ake akuti anafunsa buku limene anawerenga zimenezi. Iye anati agogo anga, amene amasayina ndi chala.

Zithunzi zija anazitsukitsa kutauni n'kubwera nazo. Mkamwini wanu anaziyang'ana nthawi yaitali. Lachitatu lapitali ndinamupeza akukhoma zikhomo kuzungulira chulu chonse, kuti aganyu asadzapoperepo. Nditamufunsa anati akungowongola malire. Esinati akuseka pano, cholembera chikumugwa.

Ndatopa Amayi, msana ukuwawa, ndikufuna ndikagoneko pang'ono. Ndimakukondani monga kale. Mpope sudzafikapo pachulu paja ine ndili ndi maso, ndipo pobwera kumeneko ndidzakhala nditamusiya zumbayo m'manja mwa Tiyamike.

Ndine mwana wanu,
Enelesi