Lamba Wokwana Mkono Uliwonse

Lolemba, 3 Juni

“Pepani kukuvutitsani, a telala.” Ndi mmene anayambira Kochi watsopano wa timu ya atsikana, ataima pakhonde panga ngati munthu wabwino. Kenako n'kutulutsa m'chikwama lamba wa ukaputeni. Lamba yemwe ndinasokera Chisamba wanga nditamuyeza mkono ndi tepi, chilembo chake n'kuchipeta ndi ulusi wofiira osadumpha ndi pamodzi pomwe. Akuti ndimuphwasule, ndiikemo lasitiki kuti azikwana mkono uliwonse. Ukaputeni uzizungulira, masewero aliwonse azivala wina.

Ndinafunsa ngati mwanayo walakwa. Akuti ayi. Nanga munthu wosalakwa amamuvula?

Lamba ndamuika m'chitini cha mabatani. Sindinalonjeze kanthu. Mutu ukuwawa.

Lachiwiri, 4 Juni

Chisamba sakunena zambiri, ndachita kumukoka pakamwa. Kani pali zinanso.

Pa timu ija atsikana atsopano amawatcha azidebe. Iwo ndi amene amasenza chidebe cha madzi kupita nacho ku bwalo, n'kuchapanso masokosi a akuluakulu. Zakhala choncho kuyambira kale. Chisamba anachisenza chidebe chimenecho kuyambira Fomu wani mpaka phewa linapendekeka, bulauzi ya yunifomu ndinkachita kuibweza mbali imodzi. Sanadandaule. Tsopano yafika nthawi yake yoti ena amusenzere, Kochi akuti masokosi aliyense azichapa ake, ndipo chidebe ayambe kusenza ndi amene wakhalitsa pa timu. Amene wakhalitsa ndi ndani? Mwana wanga. Wasenza pansi, asenzenso pamwamba.

Mayi ake akuti ndizisiye. Iwo zonse ndi zosiya.

Lachitatu, 5 Juni

Wometa wa pafupi nafe wamva kale. Wafuula ali ndi sizasi m'manja kuti achimwene, zabwino zonse, mwana wanu akuti wakwezedwa, tsopano ndi bwana wa zamadzi. Anthu ake onse kuseka. Ine ndasoka thumba la buluku mozondoka, chinthu chimene sichindichitikira.

Lachinayi, 6 Juni

Ndinatseka msanga, ndinapita ku bwalo kukaona ndekha. Mpira sindinauone. Ndinapeza ana atakhala pansi mozungulira, Kochi nayenso pansi, buluku lake labwinobwino pa fumbi. Anafunsa chifukwa chake sapatsana mpira pafupi ndi golo, n'kunena kuti ayambe kuyankha ang'onoang'ono. Zii. Iye osadzaza mpatawo, kungodikira. Ine thukuta kutuluka ngati wafunsidwa ndine. Mphunzitsi wanji wofunsa ana chochita? Kochi wakale ankangoimba wezulo, zinthu n'kuyenda.

Pamapeto kamtsikana kena kanati iwo saitana mpira ngakhale ali pabwino, chifukwa chidebe saloledwa kutchula dzina la wamkulu m'bwalo. Akuluakulu onse maso pansi. Chisamba nayenso.

Atabalalika ndinamutsatira Kochi. Ndinayankhula mwaulemu, mawu ndinali nditawakonza m'njira. Ndinati Madamu, mwana wanga sapondanso pano mpaka lamba wake abwerere pa mkono wake.

Anandimvetsera mpaka ndinamaliza, chimenecho sindimunamizira. Kenako anati: “Ndikawalamula ine, za azidebezi zibwerera tsiku lomwe ndidzachoke. Onsewa amayang'ana mwana wanu. Akasenza iye, zatha.”

Ndiye kuti mwana wanga ndi kansanza kopukutira dothi la anthu ena. Ndinamugwira Chisamba pa mkono, tinabwera kunyumba.

Loweruka, 8 Juni

Asewera popanda Chisamba. Tsiku lonse wandisitira zovala za makasitomala, mizere yowongoka bwino, nkhope ngati khoma. Akuti agonja. Ndinkayesa ndisangalala.

Lolemba, 10 Juni

Kunabwera mayi wogulitsa makala kuti ndimuchepetsere diresi. Ndikumuyeza m'chiuno anayamba nkhani ya mpira. Akuti mwana wake anasiya timu teremu yatha, ndipo anali wothamanga kuposa onse. Tsiku lina anaiwala kuchapa masokosi a akuluakulu, anamugwaditsa pa timiyala ta kumbuyo kwa golo mpaka masewero kutha, maondo kusupuka. Ndinati aphunzitsi ena ndi ankhanza. Anandiyang'ana, n'kuti sanali mphunzitsi, anali kaputeni wanu uja.

Mapini ndinali nawo pakamwa, mwayi sindinameze. Munthu kubwera pa khonde langa, kuima pa mkeka wanga, n'kunamizira mwana wanga! Diresi ndimuchepetsera, koma asadzabwerenso.

Ndawauza mayi ake a Chisamba ndikuyembekeza kuti akwiya nane limodzi. Angopitiriza kupinda zovala. Akuti anazimva kalekale, sanandiuze chifukwa ndimadwala nazo nkhani. Ndiye m'nyumba muno aliyense akudziwa, kupatula mwini nyumba.

Lachiwiri, 11 Juni

M'mawa ndamufunsa Chisamba asanapite ku sukulu. Ndinakonzeka kuti akakana ndipite ndekha kwa mayi wamakala. Sanakane.

“Ndinamugwaditsa, Bambo. Inenso anandigwaditsa pa timiyala tomweto. Ndinkaona ngati mpira umakhala choncho.”

Ndinafunsa kuti liti. Akuti nthawi ija anabwera ndi maondo a mabala n'kunena kuti wagwa pa njinga. Ndinamutsuka ndekha mabala amenewo. Njingayo ndinaitengera kwa wokonza, ndinamukalipira munthu wosalakwa chifukwa cha mabuleki. Amene anamugwaditsawo anamaliza sukulu, akuyenda mumsewu muno, mwina ndinawasokerapo zovala. Mpaka pano ulusi ukukana kulowa pa singano.

Ndinayesabe kunena za phewa lake, zaka zonse zija, kuti ena adye zake zosavutikira. Anati phewalo ndi lake, ndipo chidebe achisenza. Akuti dzulo anadutsa kwa mwana wa mayi wamakala kukapepesa, mwanayo sanatuluke m'nyumba, lero apitanso. Loweruka likubwerali lamba avala goloyi wawo wa Fomu thu, kamkono ngati ndodo ya tsache.

Kenako anatsegula chitini cha mabatani osapempha, anatulutsa lamba, n'kumuika pa makina. Akuti ndikakana kuika lasitiki aika yekha, ndipo masokedwe ake ndikuwadziwa. Ndikuwadziwadi. Mzere wake umayenda ngati woledzera, ndipo anthu adzati wasoka ndine.

Anatenga chikwama, anaima pakhomo.

“Bambo, ndikufuna kubwerera ku timu mutandilola inu, osati mozemba. Mundiyankhe lisanafike Lachisanu.”