Wina azipemphera maso ali otsegula

Lachiwiri madzulo, kuno ku Bulangililo.

Dzulo sindinaone tulo chifukwa cha Tiyanjane, mwana wanga wa Giredi 8. Pomuluka tsitsi ndinapeza tizilonda kumbuyo kwa khosi lake. Anati, "Amayi, atsikana awiri amandibaya ndi kampasi ya masamu nthawi ya pemphero la pa asembule. Aphunzitsi onse amakhala atatsinzina."

Ndiulule. Ndine amene ndinaimirira pa msonkhano wa makolo n'kunena kuti ndewu za ana pasukulu zidzatha akatalikitsa mapemphero. Anandiombera m'manja, ine n'kumadzimva. Kani ndinkawonjezera nthawi yoti mwana wanga azibayidwa. Ambuye, mundikhululukire.

Lero ndinapita kwa ba Hedi, mkulu wa sukulu. Sindinapemphe kuti pemphero lithe, ayi, ndimalikhulupirirabe. Ndinapempha kuti mphunzitsi mmodzi aziima kumbuyo kwa mizere, azipemphera maso ali otsegula. Anaseka. "Ba mayo, Mulungu angamve pemphero lotero?" Ndinati ine ndimapemphera ndikukazinga vitumbuwa, maso ali pa mafuta, ndipo amandimva. Anasiya kuseka, nati akambirana ndi aphunzitsi anzawo.

Mtima wayamba kukhala m'malo. Koma Ambuye, Lachisanu kuli asembule ina. Chonde, yankho lifike tsikulo lisanakwane.