Tizilombo Todya Mafuta

Domwe, 1987

Asuweni a Tarsisio,

Muli bwanji ku Maputoko? Ife tilipo, mfuti zikalira timathawira kuphiri.

Kalata yanu inafika. Akuti mukuphunzira za tizilombo tosaoneka ndi maso timene timadya mafuta m'dothi, ndipo timapatsirana nzeruyo tokhatokha. Zanu zinayenda. Nanga si apadiri a ku mishoni ya Fonte Boa anasankha inu kuti mukaphunzire, ine n'kutsala ndi khasu.

Kuno galimoto ya gazolyo, dizilo uja, imene ankhondo anaigubuduza pamsewu inakhuthulira mafuta m'dimba langa. Mbatatesi zapsa, chitsime chikununkha, ndipo mwana wathu Nicolau akutsegula m'mimba. Pamizere iwiri ndinathira ndowe za ng'ombe, fungo lachepako. Kodi ndi tizilombo tanuto? Ine wondiombera m'manja palibe. Ngati muli nato m'botolo, tumizani mvula isanagwe.

Zilembo zanu zopotanazo zimandivuta, ndiye anandiwerengera ndi akazi anga a Efigénia. Penapake anaima, n'kumwetulira, n'kudumpha mzere. Kalatayo aimangirira pamfundo ya chitenje. Sindinawafunse.

Ulendo wina mulembe zilembo zikuluzikulu, ndidzawerenge ndekha.

Ndine msuweni wanu,
Silvestro