Mnyamata wa m'chigafa

Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko. Kuno ku Santhe ana ali bwino, koma ine mtima suli m'malo.

Buku lachikondi lija ndinkalemba tikaweruka kosoka fodya, alamu anu analipeza. Atawerenga pomwe mnyamata akufunsira mtsikana m'chigafa cha fodya, anaitana ankhoswe.

"Atchule dzina la chibwenzi chakecho," anatero alamu anuwo. "Munthu sangalembe zotere asanazione."

Ankhoswe anagamula kuti mapepalawo atenthedwe, ndipo ndinawayatsa ndekha onse akuonerera.

Achimwene, mnyamata wa m'bukumo ndi alamu anu omwewo, mmene analili tisanakwatirane. Mawu onse ndi awo, koma sanadzizindikire.

Mukapeza wobwera kuno, munditumizireko makope. Ndiyambiranso, ngakhale mnyamata uja sindikumukumbukanso bwino.

Mulungu akusungeni.

Ndine mlongo wanu,
Nabanda