Ndowa Yapadenga

Lachiwiri, 4 Malichi
Akhwangwala andikwana. Padenga la ofesi pali kanthu koyera konga kapu, pamwamba pa paipi. Amatera pomwepo, zitosi mbwee. Lero ndakapukuta, ndakavundikira ndi ndowa yakale yachitsulo, mwala pamwamba. Palibe wandituma. Ndatsika ndikudzitama.

Lachisanu, 7 Malichi
Mwana wa mchemwali wanga sanadye masana. Tsiku lonse m'chipinda chozizira cha makina, juzi mpaka m'khosi. Ndi iye anandipezera ntchito yosamalira nyumbayi. Lero nkhope yake yagwa.

Akuti nthawi yasokonekera. Ndinamuonetsa wotchi yanga, ikuyenda bwinobwino. Anaseka pang'ono. Akuti kompyuta iliyonse m'mashelefu muja ili ndi khadi lolumikizirapo mawaya, khadi lililonse lili ndi kawotchi kake, ndipo onse amafunsa nthawi kwa bokosi limodzi lakuda. Bokosilo layamba kutsalira. Osati mphindi ayi, kachidutswa ka sekondi. Koma makina athu ndi a ku ofesi ina sakugwirizananso kuti chinayamba nchiti, chinatsatira nchiti.

Ndinagwedeza mutu ngati ndamva.

Lolemba, 10 Malichi
Abwana amukalipira mwana uja chitseko chili chotsegula. Ine m'khonde ndi mopu. Akuti mwina anafulumira kumupatsa ntchito ya anthu akuluakulu.

Atatuluka anandipeza pa sinki, maso ofiira. Akuti mawaya onse wayesa, koma bokosi lija silikumva kumwamba. Nthawi limaitenga ku masetilaiti, kudzera pa kanthu koyera kapadenga. Makiyi a kumeneko ndimasunga ine. "Inu mumakwerako, amalume. Kali bwinobwino?"

Ndinati kali bwinobwino.

Pakamwa panga! Atangolowa ndinathamangira kumwamba. Ndowa ndaichotsa, ndaibisa kuseri kwa thanki ya madzi.

Lachitatu, 12 Malichi
Nthawi yabwerera yokha. Ndimayesa zatha. Ayi.

Abwana akufuna pepala lonena chimene chinachitika, pofika Lachisanu. Mwanayu alibe choti alembe. Akuti matenda ochira okha amabweranso. Mayi wa tiyi wandinong'oneza kuti akufuna kuitana akatswiri akunja, mwanayu amusamutsire koyankha mafoni. Zaka zonse zija kusukulu.

Mchemwali waimba foni. Akuti mwana sakudya, ndizimuyang'anira, ndine bambo ake kuno. Ndinati inde. Chakudya changa ndapatsa mlonda.

Ndowa si nkhani. Ndowa nkusadziwa, aliyense amadziwa kuti sukulu ndinalekezera sitandade 4. Koma anandifunsa. Anandiyang'ana m'maso.

Lachinayi, 13 Malichi
Ndamuuza. Pa masitepe, pamene palibe amadutsa. Ndinayambira kwa akhwangwala, ndikuzungulira ngati galu wofuna pogona. Anandidula, akuti ndowayo yachitsulo kapena yapulasitiki. Ndinati yachitsulo. Inachoka liti? Lolemba. Asanandifunse kapena atandifunsa? Ndinayang'ana nsapato zanga.

Sanakuwe. Bola akanakuwa. Anangoti, "Sabata yathunthu ndimadziyesa mbuli, amalume."

Anapempha makiyi, anakwera yekha. Ndinaima pansi ngati mlendo.

Lachisanu, 14 Malichi
Wandiitana m'chipinda chozizira, koyamba kulowamo popanda tsache. Timagetsi tonse tobiriwira. Pepala lili patebulo. Wandiwerengera pang'onopang'ono: ndowa, masiku, nthawi imene inatsalira. Bodza langa mulibe. Pa mzere wa amene anavundikira wasiyapo mpata. Akuti angathe kulemba kuti sakudziwika, abwana adzangoti sadziwa kufufuza, basi, iye apirira.

Ndaganiza za ntchito, ndi msinkhu wanga uno. Ndaganiza za mchemwali.

Ndinapempha cholembera, ndinalembapo dzina langa. Zilembo zanga zokhotakhota pakati pa zake zapakompyuta, zatuluka mumzere. Sanaseke. Ananyamula pepala, anafika pachitseko, anatembenuka.

"Tiyeni limodzi, amalume. Siyani mopuyo."