Mawu a Zeneida, Pakamwa pa Soraya

Guayaquil, mwezi wa Malichi

Wokondedwa mng'ono wanga Zeneida,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupeza uli bwino pamodzi ndi alamu anga a Hermógenes ndi ana onse. Chifuwa chija chinatha? Msuweni wathu Dionisio anandiuza kuti anakupeza ukutsokomola ngati injini ya bwato lakale. Imwa madzi a mandimu ndi uchi, ndipo usiye kuchapa m'mamawa kukuzizira. Mwezi wa mawa ndikufuna pakhosi pako pakhale poyera, chifukwa chake uchimva pansipa.

Kuno tili moyo. Mawondo anga ndi omwe aja, amadziwa za mvula mitambo isanabwere. Sabata yatha madzi analowa m'nyumba mpaka m'miyendo ya bedi, tinachita kugona nsapato zili pa tebulo. Kumsika malonda akuyenda pang'onopang'ono. Nsomba yanga ya kokonati anthu akuikondabe, kungoti mayi wina watsegula benchi moyang'anana ndi langa, ndipo akuthira madzi mu msuzi mopanda manyazi. Ameneyo ndithana naye, si nkhani ya lero.

Ndalemba kalata m'malo moimba foni chifukwa ndimakudziwa. Pa foni nkhani ikangofika pothina umaseka, n'kuyamba kundifunsa za mtengo wa nkhanu. Dionisio akupatsa pamanja akafika ndi basi yake ku Esmeraldas, ndipo ndamuuza kuti ngati msuweni weniweni asachoke pakhomo usanaiwerenge mpaka pansi.

Kaya kwanuko mwamva kale, koma kuno a kanema akulengeza m'mawa ndi madzulo kuti pulogalamu ya nyimbo ija, Khumi za Loweruka, ikubwerera kwa tsiku limodzi lokha, Loweruka lomaliza la mwezi wa mawa. Akusonkhanitsa oimba onse akale amene akadali ndi mpweya, mu holo yaikulu, dziko lonse likuonera pompopompo.

Ukukumbuka mmene msewu wathu unkaferatu Loweruka masana? Tonse tinkathithikana pa sitolo ya a Régulo, poti kanema anali wawo yekha, magetsi akathima n'kulumikiza ku batire la galimoto. Bambo wa nsapato zoyera uja ankatsika masitepe mu utsi, n'kumawerenga nyimbo kuyambira ya nambala teni kutsika, ife mitima ili m'mwamba ngati tili ndi m'bale pa mpikisanowo. Panali mnyamata wa tsitsi lonyowa amene ankalira nyimbo iliyonse, ngakhale yovina. Panali atsikana atatu ovala zofanana oimba za njinga yamoto, ndi mkulu uja wigi linamugwa akuwerama, n'kupitiriza kuimba litagwera pa nsapato. Timapepala tovotera tinkadula m'nyuzi zokulungira nsomba, moti mavoti a msewu wathu ayenera kuti ankafika ku likulu akununkha.

Sindikana, nditamva kanyimbo kotsegulira pulogalamu kaja, miyendo inayamba yokha kugwedezeka, mawondo owawa omwewa. Kenako anaonetsa nkhope ya Soraya Villacís, akuti mfumukazi ya nyimbo ya Bwato Labwera Lokha, ndipo chipande chinandigwa m'manja.

Iwe umati zimenezo n'zakale. Kwa ine zili ngati zadzulo, ndiye ndilole ndizinene kamodzi, popeza m'banja mwathu tinazikwirira osalira maliro ake.

Nyimbo ija unaipeka iwe, mchimwene wathu Wilfrido atatsala m'nyanja. A Pazmiño, mkulu wa pulogalamu ija, anakumva ukuiimba pa chikondwerero cha kugombe, ndipo ndine ndinakuperekeza kuno ku Guayaquil chifukwa abambo anakana kuti namwali ayende yekha. Unajambula mawu, unakweranso pa siteji Lachinayi, magetsi onse ali pa iwe, utavala diresi lachikasu limene amayi anasoka ndi manja. Pochoka anatiuza kuti diresilo tilisiye, mwina adzafuna kubwereza pena. Ife ndi umbuli wathu tinalisiya, n'kukwera basi tikuimba.

Loweruka lake abambo anagula nkhumba, anthu anabwera mpaka ochokera kutsidya kwa mtsinje. A Régulo anatulutsa kanema panja, pamwamba pa migolo iwiri. Bambo wa nsapato zoyera anatchula nyimbo yatsopano, mawu ako anamveka, ndipo mu utsi muja munatuluka mtsikana woyera wa tsitsi lofika m'chiuno, akutsegula pakamwa ngati nsomba ya pamchenga. Amayi sananene za mawu. Anangoti mpendero wa diresi wavalalo ndinapinda ndine.

Abambo anaimirira, chipewa chili m'manja, n'kumauza anthu kuti mawuwo ndi a mwana wawo, ngati panali amene sankadziwa. Ndiye a Régulo, Mulungu awaweruze kumene aliko, anakuwa kuti, “A Eleuterio, mwana wanu wayera bwanji ku Guayaquil? Tiuzeniko sopo wake!” Anthu anaseka nyama yathu ili m'kamwa. Kuyambira tsiku limenelo abambo anakhala a Sopo, ngakhale kwa tiana tosavala, ndipo dzinalo linawaperekeza mpaka kumanda. Nyimbo inakhala pa nambala wani kwa miyezi, ndipo Loweruka lililonse kanyimbo kotsegulira kakangomveka, abambo ankanyamula ukonde wosang'ambika n'kupita kugombe kukausoka.

Chimene sindinakuuzepo ndi ichi. Nditabwerera kuno kudzafunsa, a Pazmiño anandiuza mosapsatira kuti nkhope yakuda imameza magetsi, siioneka bwino pa kanema. Soraya anali pomwepo akumupaka ufa kumaso. Sanatembenuke n'komwe. Anandiyang'anira pa galasi n'kunena kuti ndikuuze uzithokoza, chifukwa mawu ako afika kumene iwe mwini sukanafika. A Pazmiño anafa kalekale, amenewo anandipulumuka. Koma uyu alipo.

Tsopano tamvera. Lachiwiri lapitali, dzuwa lili paliwombo, ndikupakula mpunga, pa benchi langa panaima mayi wa magalasi akuda, wigi lofiirira, perefyumu wake kuposa fungo la msika wonse. Anali Soraya mwiniwake.

“Mayi Ubaldina? Abale inu, simunasinthe!”

Ndinati, “Inuyo mwasintha, koma pakamwa ndi pomwe paja.”

Anaseka ngati ndamuyamikira. Anaitanitsa mbale ya nsomba, n'kumangoitembenuza ndi foloko. Kenako anayamba kudandaula kuti amene akuyendetsa kanema masiku ano ndi ana, sadziwa mmene zinthu zinkachitikira kale, pamene aliyense ankangoyendetsa milomo tepi ikulira. Akuti alamula kuti pa tsikulo munthu aliyense aimbe ndi kukhosi kwake, bandi ikuimba pomwepo.

Ndinamufunsa kuti bwanji osangozembetsa tepi yakale ija, poti kuba anazolowera. Anatsitsa magalasi.

“Mayi, mawu a namwali atuluke m'kamwa muno? Anthu a lero ali ndi mafoni, pofika madzulo ndikhala choseketsa cha dziko lonse. Ndikufuna mawu omwe aja, koma okalamba ngati ine.”

Wamva, Zeneida? Anakubera utsikana, tsopano wabwerera ukalamba wako.

Akuti wagwirizana kale ndi bambo wina wa pa makina a mawu. Maiki yake adzaitseka, n'kutsegula ina m'kachipinda ka kuseri kwa siteji, mosungira mawaya ndi matsache, ndipo iwe udzaima m'menemo n'kuimba. Anayesa atsikana awiri otsanzira, koma akuti palibe amene mawu ake amathyoka pamene ako amathyokera, paja bwato likufika pagombe. Ndinafuna kumuuza kuti kuti mawu athyoke choncho pamafunika mchimwene wako amire, koma ndinadziluma lilime.

Ndinamupatsa mpata, Mulungu ndi mboni. Ndinafunsa ngati dzina lako lidzatchulidwe, ngakhale kamodzi. Anati aa, zimenezo zingangosokoneza anthu, nyimbo ija tsopano ndi ya tonse. Ndinafunsanso ngati diresi lachikasu akadali nalo.

“Diresi lanji?”

Pamenepo mtima wanga unazizira, n'kukhala bwinobwino m'malo mwake. Ndinamwetulira, n'kumuonjezera nthochi yokazinga. Ndinamuuza kuti mng'ono wanga ndi munthu wa Mulungu, sasunga mangawa, adzabwera ndithu. Ndinati foni ulibe, ndipo zoyeserera sizikufunika poti nyimbo ndi yako, udzangofika pa tsikulo n'kulowa m'kachipindako, asavutikenso kufuna wina. Ndinangopempha matikiti awiri a mzere wakutsogolo, yanga ndi ya mwana wanga. Anawatulutsa m'chikwama pompo, n'kundipsompsona masaya onse awiri. Nditafika kunyumba ndinasamba kumaso ndi sopo wochapira.

Yesenia wanga akuti, “Amayi, ndi nkhalamba inzanu imeneyi, ingoisiyani.” Ndinamuyankha kuti agogo ake nawonso anali nkhalamba pamene ana ankawathamangira kumbuyo akukuwa dzina la sopo. Iye sanawaone akusoka ukonde wabwinobwino. Ndikunena poyera, ine sindinakhululuke, ndipo sindikufuna. Abambo mfumu a kutchalitchi kwathu ndidzawauza ndikamaliza, osati ndisanayambe.

Mantha anga ndi iwe. Mayi ameneyu ndi wochenjera, tsiku likamayandikira adzafunafuna nambala yako, ndipo akaipeza adzalira. Iwe ukamva misozi umasungunuka ngati shuga mu khofi. Ndikukuona kale ukunena kuti nanga n'kutaya chiyani, ndi nyimbo chabe, n'kukalowa pakati pa matsache ndi Baibulo lako m'khwapa. Ukadzachita zimenezo, dziko lonse lidzamuombera m'manja kachiwiri, mafoni adzasunga, ndipo adzukulu ako adzakula akudziwa kuti nyimbo ya Wilfrido ndi ya Soraya Villacís. Mpata wina sudzapezekanso, tonse tikupita kumadzulo.

Pempho langa ndi limodzi. Nambala yachilendo usayankhe. Ukwere basi ya Dionisio Lachisanu la sabata imeneyo, ubwere ndi chipewa cha abambo chija chili pa msomali kuchipinda kwako. Tikiti yachiwiri si ya Yesenia, ndi yako. Tidzakhala kutsogolo penipeni, pamene woimba akayang'ana pansi amaona nkhope za anthu.

Adzawerenga kuyambira teni, ife tidzaomba m'manja mwaulemu. Wa tsitsi lonyowa uja akuti alipo, dazi lokhalokha, ameneyo ndidzamuimbira nthungululu. Akadzafika pa nambala wani bandi idzayamba, bambo wa makina adzatsegula maiki ya m'kachipinda mopanda munthu, ndipo Soraya adzatsegula pakamwa monga anachitira zaka zonsezi. Iwe udzatseke pako, uzimuyang'ana basi. N'chifukwa chake ndikuti uchize chifuwacho, ndisadzamve munthu akunena kuti unakhala chete chifukwa chodwala.

Zikadzatero, mtima wako ukadzafuna kuimba, sindidzakugwira mkono. Udzaimirire pomwepo, makamera akuone mmene ulili, wakuda, wa imvi, mwana wa a Eleuterio Caicedo. Koma kuseri kwa katani ayi, ine ndili moyo.

Undiperekere moni kwa alamu anga, uwauze kuti masiku awiri okha adziphikira, safa. Moni kwa azakhali a Presentación, kwa ana ako onse ndi adzukulu, ndi kwa mlamu wathu, mkazi wa malemu Wilfrido, amene ndikufuna adzakhale pafupi ndi kanema tsiku limenelo. Ana a a Régulo usawapatse moni, koma uwauze tsiku ndi nthawi.

Chipewacho usaiwale. Ndidzachiika pa mwendo panga choyang'ana ku siteji, abambo adzaonereko Loweruka limodzi mpaka kumapeto.

Ndine mkulu wako wokukonda, amene saiwala,

Ubaldina